Makina a m'khutu a abambo asiya kutulutsa mawu: mugule ziti kuti zigwirizane nawo?

Mayi wina wa ku Matawale watilembera imelo kufunsa za abambo ake. Iwo amavala makina othandizira kumva aja okhala kuseri kwa khutu, okhala ndi kawaya kopyapyala kolowa m'kati. Anawatumizira ndi achimwene awo a mayiyu ochokera ku Johannesburg. Tsopano a kumanzere angoti zii ngakhale batire ndi latsopano, ndipo timalabala ta kunsonga timene achimwenewo anatumiza pambuyo pake timangovuka. Funso lawo ndi lakuti kodi makinawo afa, nanga agule chiyani?

Achemwali, musataye mtima msanga. Makina otere akasiya kumveka, nthawi zambiri vuto limakhala pa kanthu kakang'ono kwambiri kamene mungasinthe nokha muli pakhonde.

Makina a mtundu umenewu amatchedwa RIC. Chigoba cha kuseri kwa khutu chimasunga maikolofoni ndi batire, koma sipika ili kunsonga kwa kawaya kaja, m'kati mwa khutu. Sipikayo ndi waya wake ndi chinthu chimodzi, akatswiri amachitcha risiva. Pakamwa pa risiva pali kasefa koyera, kukula kwake ngati njere ya mapira, kamene kamatchinga phula la m'khutu kuti lisalowe. Pamwamba pake ndi pamene pamavala kachisoti ka labala kaja, dzina lake dome.

Nkhani yonse yagona apa: dome ndi kasefa zimatsata risiva, osati dzina la kampani lokha, ndiponso osati maonekedwe. Risiva ya Oticon yotchedwa miniFit imafuna tisefa ta ProWax miniFit, ndipo ProWax wamba salowamo. Makina a Phonak ena amagwiritsa ntchito tisefa ta CeruShield Disk, ena ta CeruStop, malingana ndi m'badwo wa risiva. Kwa Signia, madome a miniReceiver 2.0 si ofanana ndi a 3.0. Ndiye achimwene anu akanatha kugula za kampani yolondola koma za m'badwo wina, n'chifukwa chake zikuvuka. Pamaso zimafanana, koma kamlomo ka m'kati kogwira risiva kamasiyana.

Tengani makinawo mupite nawo powala. Pa risiva pali chizindikiro chofiira kapena cha buluu: chofiira ndi khutu la kumanja, cha buluu la kumanzere. Palinso nambala yosonyeza kutalika kwa waya, monga 1, 2 kapena 3, ndi chilembo chosonyeza mphamvu, S, M kapena P. A Oticon amalemba mphamvuyo m'manambala, monga 60, 85 ndi 100. Zilembozi ndi zing'onozing'ono zedi, choncho jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Jambulaninso dzina lolembedwa pa chigoba, ndi paketi yakale ya tisefa ngati ikadalipo m'kabokosi.

Tsopano khutu la kumanzere lija. Gwirani risiva ndi zala ziwiri, osati waya, muvule dome. Yang'anani kasefa. Ngati kasanduka kachikasu kapena kabowo kake sikakuoneka, katsekeka, ndipo mawu sangadutse. Tisefa tambiri timabwera pa kandodo: mbali ina ilibe kanthu, mbali ina yanyamula kasefa katsopano. Lowetsani mbali yopanda kanthuyo m'kasefa kakale molunjika, kokani molunjikanso, katuluka. Tembenuzani kandodoko, kanikizani katsopanoko pamalopo, chotsani kandodo n'kukataya. CeruShield ili ngati kagudumu: mumazunguza mpaka pabowo lopanda kanthu, n'kulowetsa risiva mpaka imveke kuti thapu, kenako n'kuilowetsa pabowo lina lokhala ndi kasefa katsopano. Mukamaliza, yatsani makinawo muwafumbatire m'manja pafupi ndi khutu lanu. Akalira ngati mluzu, ali moyo.

Chonde musatokose kasefa ndi singano kapena pini. Mumangokankhira phula m'kati mwa sipika, ndipo kuwononga risiva n'kodula kwambiri kuposa paketi yonse ya tisefa. Musavalenso makina opanda kasefa ngakhale tsiku limodzi.

Ngati mwasintha kasefa koma kuli ziii, pukutani timabowo ta maikolofoni pa chigoba ndi kaburashi kaja kamabwera m'bokosi, chifukwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka pamenepo. Kenako gwedezani waya pang'onopang'ono makina ali oyaka. Mawu akamabwera n'kudukanso, waya wathyokera m'kati ndipo pafunika risiva yatsopano.

Pa madome pali zinthu ziwiri zoti musaphonye, mtundu ndi kukula. Dome yotseguka ili ndi mabowo ambiri, imapatsidwa kwa munthu amene mawu a besi amawamva bwino koma mawu opyapyala amamuphonya. Yotseka ili ndi kabowo kamodzi kapena tiwiri. Yamphamvu ili ndi zisoti ziwiri zosanjikizana, ya munthu amene kumva kwake kunatsika kwambiri. Katswiri amene anatchera makinawo pa kompyuta anawatchera molingana ndi dome imene anasankha. Mukaika yotseguka pamene panali yotseka, mawu amathawira kunja n'kubwereranso mu maikolofoni, makina n'kumaimba mluzu m'tchalitchi, komanso abambo adzati mawu apepuka. Mukaika yotseka pamene panali yotseguka, adzadandaula kuti akamalankhula akudzimva ngati alowetsa mutu mumtsuko, ndipo akamatafuna chimanga chokazinga phokoso lake lidzaphimba zonse. Ambiri amasiya kuvala makina chifukwa cha zimenezi, kuganiza kuti makinawo ndi oipa.

Kukula kumalembedwa m'mamilimita, monga 6, 8 ndi 10, kapena S, M ndi L. Yaing'ono imasolokoka munthu akamatafuna kapena kuseka. Yaikulu imapweteka pofika masana. Makutu awiri a munthu mmodzi amatha kusiyana, ndiye musadabwe kupeza 8 kumanja ndi 6 kumanzere. Ngati dome ndi yoyenera koma risiva ikumatulukabe, pali kamchira kapulasitiki kopyapyala komwe kamamangidwa pa risiva n'kupindika m'mbale ya khutu. Nakonso kamatsata mtundu wa risiva.

Povala dome yatsopano, kankhirani mpaka ikhale bwinobwino, kenako muikokeko pang'ono. Ikavuka mosavuta, isalowe m'khutu la abambo. Apa tikunenetsa, chifukwa dome yosagwira imatsalira m'kati munthu akamavula makina. Musaimate ndi guluu. Timalabala tovuka timene muli nato panoti tisiyeni, ngakhale tinadula. Usiku uliwonse abambo akavula, ayang'ane ngati dome yatuluka pamodzi ndi risiva. Ikatsalira m'khutu, musaitsate ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku, imangopita patali. Pitani kuchipatala, monga ku Zomba Central, akaichotse ndi chipangizo chake akuyiona.

Risiva yokha ndiyo tikukulangizani kuti musasinthe mwa inu nokha koyamba. Yatsopano ikhale yofanana ndendende: mbali, kutalika ndi mphamvu. Ena amaganiza kuti kugula P m'malo mwa M kuthandiza mkulu kumva kwambiri. Ayi. Makina amafunika kuuzidwa pa kompyuta kuti risiva yasintha, apo ayi mawu amatuluka olakwika, mwinanso okwera mpaka kuwononga kumva kotsalako. Ndipo makina ena ali ndi kapini kotsekera waya, moti mukakoka ndi mphamvu mumathyola polumikizira. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli chipatala cha za kamvedwe, ndipo ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Musanakwere minibasi, yambani mwafunsa ngati angathe kutchera makina a kampani yanuyo.

Za mabatire mwachidule. Makina ambiri a RIC amadya nambala 312, ya kapepala ka bulauni, pena yolembedwa PR41. Nambala 13 ndi ya olenji, 10 ndi yachikasu. Mumsika mupeza mabatire a wotchi olembedwa LR41, ofanana kukula ndi 312, ndipo amalowa ndithu, koma sanapangidwire ntchito imeneyi ndipo amatha msanga. Batire lenileni limagwira ntchito ndi mpweya, choncho mukamatula kapepala dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri musanaliike. Sungani kutali ndi adzukulu, mwana akameza ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala. Ngati makinawo ndi otchaja, chaja ikhale ya mtundu womwewo basi.

Chinyezi cha kuno ku Zomba chimapha marisiva mwakachetechete, makamaka m'dzinja ndi masiku a chiperoni. Usiku pukutani ndi kansalu kouma, chotsani batire, siyani kachitseko kake kotsegula, muike makinawo m'botolo lotseka bwino lokhala ndi tinjere toyamwa chinyezi. Osayanika padzuwa, osaika pafupi ndi mbaula, osapukuta ndi sipiriti. Abambo akadzola mafuta, ayambe apukuta m'manja asanagwire dome, poti mafutawo amamata kasefa.

Popeza zinthuzi sizipezeka m'mashopu a m'tauni muno, ndi bwino achimwene atumize za chaka chonse nthawi imodzi. Kusintha kasefa mwezi uliwonse m'makutu awiri ndi tisefa 24, kutanthauza mapaketi atatu a tisefa 8, kapena anayi a tisefa 6. Dome kusintha pakatha miyezi iwiri ndi madome 12, ndiye mapaketi awiri a 10 akwana n'kutsalako. Batire limodzi likamatha sabata, pafunika 104. Ngati thumba lilola, awonjezere risiva imodzi ya mbali iliyonse yosungira. Atumizireni zithunzi zija pa WhatsApp, akaonetse wogulitsa asanalipire, ndipo awerengere limodzi zolembedwa pa paketi ndi zolembedwa pa waya.