Galimoto anaiwongola bwino, nanga madzi m'buti akuchokera kuti?

Mayi wina wa ku Area 25, ku Lilongwe, wanditumizira imelo. Demio yawo inagundidwa kumbuyo ndi minibasi mu Julaye, owongola anaikonza n'kuipenta, inatuluka ikunyezimira. Mvula itangoyamba mu Novembala, m'galimoto mwayamba kununkha chinyontho, ndipo pokhala tayala la sipeya padzaza madzi. Kugalaja akuti zimenezo n'zina, sizikukhudzana ndi ngozi ija. Akufunsa ngati n'zoona.

Amayi, ine ndikukana. Galimoto yokonzedwa m'chilimwe kuno ku Lilongwe imabisa matenda ake mpaka dzinja. Mukanayang'ana m'buti mu Okutobala, mwina mukanapeza fumbi lofiira litaunjikana pakona. Polowa fumbi ndi pomwe pakulowa madzi lero.

Thupi la galimoto ndi zitsulo zolumikizana, ndipo kufakitale amamata molumikizanamo ndi phala lotchinga madzi lotchedwa seam sealer. Galimoto ikagundidwa, zomatirazo zimang'ambika, ngakhale patali ndi pamene panapindika. Owongola ambiri amakoka chitsulo, kupaka filler (phala losalazira popindika), kupenta, basi. Kuseri kwa bampala safikako, chifukwa mwini galimoto sakaonako, komanso ndife tomwe timakakamira mtengo wotsika. Kuseri komweko kuli timazenera totulutsa mpweya tokhala ndi timalabala, timene timasweka msanga. Nyali zakumbuyo nazo zili ndi labala wake, yemwe ena amaiwala kubwezera kapena kumubwezera atang'ambika.

Chitani izi dzuwa likawala. Chotsani kapeti ndi tayala, pukutani paume, mupinde mipando yakumbuyo. Mwana alowe ndi tochi, inu muzithira madzi ndi paipi kapena ndowa, pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba: bampala, nyali, kenako chitseko cha buti. Mukayambira padenga, madzi ayenderera paliponse ndipo simudziwa polowera. Dontho likaoneka, jambulani kanema pafoni. Maginito wamng'ono akuuzaninso zina: pamene sakugwira bwino, filler anamuunjika mochindikala.

Musalole aliyense kumatapo silicone wa m'bafa. Wonunkha ngati viniga uja amadya chitsulo, dzimbiri n'kumayenda kunsi kwa penti. Ndipo musachedwe, chifukwa pansi pa kapeti pamadutsa mawaya. Eni Honda Fit ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) achenjere kwambiri, batire lalikulu limakhala pansi pa buti pomwepo.

China chimene simunafunse, koma chimandidetsa nkhawa kuposa madziwo: onani matayala akumbuyo. Ngati limodzi likutha mbali imodzi, kapena chitseko cha buti chikufuna kuchimenya kuti chitsekeke, mwina thupi linapotoka. Pitani akaipime alignment (kuona ngati matayala aima mowongoka) musanaiyendetse ulendo wautali pa M1.

Bwererani kugalajako ndi kanema uja, risiti ndi zithunzi za tsiku la ngozi, muwauze achotse bampala inu muli pomwepo. Ngati inalipira ndi inshuwalansi, alembereni kalata, musangowaimbira foni.