Musamukweze msanga pa 500cc mnyamata wanuyo

Kalata yanu, bambo, ndaiwerenga katatu. Nditamaliza kachitatu ndinapita kukaima m'galaja, momwe muli njinga yamoto ya mwana wanga imene yakhala yofunditsidwa nsalu zaka 6 tsopano. Mwati mnyamata wanu ali ndi zaka 14, akupambana pafupifupi mpikisano uliwonse wa speedway (wothamangitsa njinga zamoto pa bwalo ladothi lozungulira) pa njinga ya 250cc, ndipo anthu akukulimbikitsani kuti akangokwanitsa zaka 15 mumukweze pa 500cc ndi kumugulira injini yochunidwa ndi katswiri. Mukufunsa ngati mutero. Ineyo ndinatero, ndiye ndiloleni ndiyambe ndi zimene zinatichitikira.

Wanga anayamba ali ndi zaka 9, pa kanjinga ka 125cc. Mphatso yake inali pa kunyamuka. Okwera anayi akandanda kutsogolo kwa tepi yonyamukira, iye ankaweramira pa mahandulo, maso ali kumapeto kwa tepiyo, zala ziwiri zili pa kilatchi. Tepi ikangoti tu, iye wapita kale. Inu mukudziwa mmene masewerawa alili: anthu anayi, kuzungulira bwalo kanayi, mphindi imodzi yokha zonse zatha. Amene wafika pokhota poyamba ali patsogolo amasankha njira imene akufuna, ndipo tayala lake lakumbuyo limawaza dothi kumaso kwa atatu otsalawo. Mwana wanga ankafika poyamba pokhotapo nthawi zambiri, n'kumangozungulira yekha kutsogolo, jekete lake lili loyera mbee. Ndinkanyadira jekete loyeralo. Sindinaone chimene linkandiuza, kuti mwanayu pa zaka zonsezo anali asanaphunzire kudutsa munthu.

Atakwanitsa zaka 15 tinamukweza pa 500cc. Anthu ambiri m'malo okonzera njinga ankandigwira paphewa n'kumati wakonzeka, mukumuchedwetsa. Njinga imeneyi ndi chilombo china. Imalemera makilogalamu 77 kapena kupitirira pang'ono, imayendera methanol, giya ndi imodzi, mabuleki palibe. Ndipo amene ankandanda naye pa tepi sanalinso ana anzake, anali abambo amene akhala akunyamuka pa tepi zaka khumi kapena kuposa. Mphatso yake ija inangokhala chinthu wamba. Anayamba kufika pokhota ali wachitatu, pena wachinayi, m'kati mwa fumbi ndi dothi limene anali asanalilawepo.

Pa mpikisano wake wachisanu ndinaima pafupi ndi pokhota poyamba, choncho ndinaona zonse ndi maso angawa. Analowa ali pakati pa anthu awiri, chigongono cha wina chili pa nthiti zake. Anachita mantha, n'kutseka moto. Munthu wosadziwa speedway angaganize kuti anachita bwino. Koma njinga imeneyi imakhota chifukwa tayala lakumbuyo likuterereka, ndipo limaterereka chifukwa motowo ndi wotsegula. Ukatseka moto pakati pa pokhota, tayala limagwira dothi, njinga imadzuka n'kuwongoka, ndipo kumene imaloza ndi ku mpanda. Anakamenya mpanda wopopa mpweya uja, njinga n'kumutsatira. Fupa la paphewa ndi la padzanja zinathyoka. Ndimakumbukirabe nsapato yake yachitsulo ya kumanzere ili gone payokha pakati pa bwalo, lamba wake ataduka.

Atachira, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinagula injini ina, yodula kuposa yoyamba. Ndinadziuza kuti vuto ndi liwiro, kuti akamanyamuka patsogolo ngati kale sadzapezekanso m'chipwirikiti. Ndinkamugulira njira yothawira chinthu chimene ankafunika kuchiphunzira. Ndipo pobwerera kunyumba usiku, maulendo aja a maola atatu kapena anayi, ndinkabwereza mpikisano uliwonse: apa unachedwa, apa unatsegula khomo, apa bwanji sunapite kunja kumene kunali dothi logwira. Tsiku lina tikutsuka njinga m'mawa, iye akupukuta kabureta, anandiuza osandiyang'ana kuti, "Adadi, mukamayankhula m'galimoto muja ndimanamizira kugona." Sindinayankhe. Patatha chaka anati basi, sakweranso. Anali ndi zaka 17. Sanakwiye, sanalire, anangopachika helemeti pa msomali pamene ili mpaka lero.

Ndikudziwa dzina limene anthu akukuponyerani, chifukwa inenso ankandiponyera lomwelo: Bartosz Zmarzlik, wokwera wa ku Poland. Zoona, mu 2012 ali ndi zaka 17 anakhala wachitatu pa Grand Prix (umodzi mwa mipikisano yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse) ya ku Gorzów, m'dziko la kwawo, ndipo mu 2014 anapambana Grand Prix pa bwalo lomwelo ali ndi zaka 19. Kuyambira 2019 wakhala akutenga ukatswiri wa dziko lonse mobwerezabwereza. Koma onani kumene anachokera. Ku Poland makalabu ali ndi masukulu a ana, aphunzitsi, amakaniko ndi bwalo loyesererapo, ndipo malamulo a ligi amakakamiza timu iliyonse kukhala ndi achinyamata awiri osapitirira zaka 21. Mwana wa kumeneko akamakwera 500cc amakhala atazungulira bwalo maulendo osawerengeka pamaso pa munthu amene ntchito yake ndi kumuyang'ana. Inu m'kalata yanu mwati ndinu dalaivala, makaniko, wolipira ndi mphunzitsi, zonse nokha. Inenso ndinali choncho. Kutenga msinkhu wa Zmarzlik n'kusiya zonse zimene zinamuzungulira ndi kudzinamiza.

Ndipo bwanji anthu omwewo satchula mayina enawa? Tomasz Gollob anadikira mpaka 2010, ali ndi zaka 39, kuti akhale katswiri wa dziko lonse. Jason Doyle anautenga mu 2017 ali ndi zaka 32. Greg Hancock anapambana koyamba mu 1997, kachinayi mu 2016 ali ndi zaka 46. Masewerawa amamudikira munthu amene thupi ndi mtima wake zidakali zamphumphu. Chaka chimodzi chowonjezera pa 250cc sichingamulande kanthu mwana wazaka 15. Ngakhale FIM, bungwe loyendetsa masewera a njinga zamoto pa dziko lonse, lili ndi makwerero: SGP4 ya ana pa njinga za 190cc, imene Tony Rickardsson, katswiri wakale wa dziko lonse, anathandiza kukhazikitsa, SGP3 ya 250cc kwa osapitirira zaka 16, kenako SGP2 ya osapitirira 21. Makwerero amenewa sanaikidwe kuti tiziwadumpha.

Pa nkhani ya injini ndiye ndalimba mtima kwambiri kuposa mmene ndinalili poyamba kulemba. Kale ndinkati zimatengera mwana. Tsopano ndikuti ayi: injini yochunidwa mwaukali m'manja mwa mwana amene akuphunzira ndi chinthu choipa, ngakhale ndalama mukhale nazo. Imabisa zofooka zake. Akalakwitsa polowa pokhota, mphamvu ya injini imamuwombola potuluka, iye n'kumaganiza kuti anachita bwino. Pa bwalo louma ndi loterera imangozunguza tayala osapita patsogolo, pa bwalo logwira imamudzutsira tayala lakutsogolo m'mwamba. Okwera odziwa nthawi zambiri amafunafuna njira yoifewetsa injini kuti tayala ligwire bwino, posintha sipuloketi, jeti ya kabureta, nthawi ya moto, ngakhale kutalika kwa njinga pokankha tayala lakumbuyo. Mwana amene sanamvepo m'thupi mwake kusiyana kwa dzino limodzi pa sipuloketi alibe chochita ndi mphamvu yowonjezera. Injini wamba ya mtundu wa GM kapena Jawa, yosamalidwa bwino, yokonzedwa pa nthawi yake, ndi yokwanira. Ndalama zotsalazo zipite ku masiku oyeserera, matayala, mapuleti a kilatchi, ndi zodzitetezera zabwino za msana, khosi ndi mutu.

Zodzitetezerazo musazinyalanyaze, ndipo musamubisire mwana kuopsa kwa masewerawa. Darcy Ward, amene anali katswiri wa dziko lonse wa osapitirira zaka 21 mu 2009 ndi 2010, anavulala msana ku Zielona Góra, ku Poland, mu 2015 ali ndi zaka 23, ndipo sanayendenso. Lee Richardson anamwalira atachita ngozi ku Wrocław, ku Poland komweko, mu 2012. Awa anali akatswiri odziwa njinga kuposa mmene mwana wanu kapena wanga angaidziwire pa zaka 15. Amayi ake a mwana wanga anasiya kubwera ku mabwalo pambuyo pa ngozi ya mwanayo ija, ndipo ine ndinkaona ngati akutifooketsa. Iwo ankaona chimene ine ndinkakana kuona. Mwawatchula pang'ono chabe mayi a mnyamata wanu m'kalatamo. Afunseni, ndipo muwamvere.

Zoti muchite

Musiyeni pa 250cc chaka china chathunthu. Pa masiku oyeserera muzimunyamutsa mochedwa dala, anzake atapita kale mamita angapo, kuti aphunzire kuwathamangitsa, kudutsa mkati ndi kunja, ndi kusunga moto dothi likumumenya kumaso. Mutengereni ku mabwalo osiyanasiyana, aafupi ndi aatali, chifukwa wozolowera bwalo limodzi amasokonezeka akafika pena. Njinga azitsuka yekha, tcheni azimanga yekha, kilatchi azimasula yekha, ndipo akhale ndi kabuku kolembamo sipuloketi imene anaika ndi mmene bwalo linalili. Pezani wokwera wakale amene si m'bale wanu kuti azimuuza zolakwa zake, inu mukhale bambo. 500cc ailawe yekha pa bwalo lopanda anthu kangapo konse, ndipo alowe nayo mpikisano pokhapokha wokwera wakaleyo atavomera.

M'galimoto pobwerera, dikirani ayambe yekha kuyankhula. Mwana wanga tsopano ali ndi zaka 23. Mwezi watha tinaonera limodzi Grand Prix pa TV, ndipo pakati pa mpikisano wina anandilozera wokwera amene anali wachinayi pokhota poyamba n'kumaliza wachiwiri, nati, "Chimenecho ndiye ndinkafuna nditachidziwa." Ndinamufunsa ngati tivundukule njinga ija m'galaja tikaiyese pa tsiku loyeserera, popanda mpikisano. Anati aganiza kaye, ndipo sindinamufunsenso.