Tinasiyana, koma ngongole ya nyumba ikadatimanga

Azakhali,

Ine ndi bambo a ana anga tinasiyana miyezi 5 yapitayo. Nyumba tinagula pa ngongole ya kubanki ya zaka 20, ndipo tabweza zaka 6 zokha. Mayina athu tonse ali pa ngongoleyo komanso pa chikalata cha umwini. Ine ndinachoka ndi ana, iwo anatsala m'nyumbamo. Pano akuti ndisaine kuti nyumba ikhale yawo, ngongole azibweza okha. Mtima wanga watopa, ndikungofuna mtendere. Ndisaine?

Ndine Wotopa

Mwana wanga,

Cholemberacho chiike pansi kaye. Kutopa ndakumva, koma munthu wotopa ndi amene amasaina zinthu zodzamuliza mawa.

Pali mapepala awiri apa, ndipo sayendera limodzi. Chikalata cha umwini chimanena mwini nyumba. Pangano la ngongole limanena amene banki idzamugwire pakhosi ndalama zikasiya kulowa. Ukachotsa dzina lako pa choyambacho likadali pa chachiwiri, udzatsala ndi ngongole ya nyumba imene si yako. Pa ngongole yotengera limodzi, kawirikawiri aliyense amasenza ndalama yonse, osati theka. Bambowo akangodumphitsa miyezi ingapo, makalata adzakupeza iwe, chiwongoladzanja ndi zindapusa zidzaunjikana, mbiri yako ya ngongole idzada, ndipo tsiku lodzafuna kubwereka pawekha adzakubweza pakhomo. Zikafika poipa banki imalanda nyumba n'kuigulitsa, ndipo ndalama zikaperewera, zotsalazo amakufunsani nonse.

Sindikunena kuti bambowo ndi abodza. Mwina lero akulankhula ndi mtima wonse. Koma ntchito imatha, matenda amabwera, ndipo (izi ndaziona kambirimbiri) lonjezo la munthu amene wasiyana naye limalimba mpaka tsiku limene wapeza wina.

Yamba ndi manambala. Pempha kubanki chikalata chosonyeza ngongole yotsala, ufunsenso ngati pali chindapusa chobweza ngongole nthawi isanakwane. Kenako katswiri woyesa mitengo ya nyumba anene kuti ingagulidwe zingati lero, osati mtengo wongoganizira wa bambowo. Pa mtengowo uchotsepo ngongole. Zotsalazo ndiye chuma chanu chenicheni, ndipo m'menemo muli thukuta lako la zaka 6. Usadabwe zikachepa: zaka zoyambirira gawo lalikulu la zomwe munkapereka linkapita ku chiwongoladzanja.

Ngati nyumbayo akuifunadi, akulipire gawo lako ndipo banki ivomere kuika ngongole m'dzina lawo lokha. Banki idzaunika ngati malipiro awo angakwanitse paokha. Ikavomera, dzina lako lichoke pa mapepala onse awiri nthawi imodzi. Ikakana, wadziwa zomwe anthu odziwa kuwerengera akuganiza za lonjezo lija, ndipo chotsala n'kugulitsa, kutseka ngongole, n'kugawana zotsala.

Koma funso limodzi sunandifunse. N'chifukwa chiyani wotuluka ndi iwe ndi ana? Malamulo ogawa katundu amasiyana dziko ndi dziko, amatengeranso ngati ukwati wanu unalembetsedwa kapena ayi, ndipo makhoti ambiri amaganizira kokhala ana. Ena amagwirizana kuti wolera ana akhale m'nyumba mpaka anawo akule, kugulitsa kudzabwere pambuyo. Limeneli ukalifunse kwa loya, wako wako, osati amene bambowo akubweretsere.

Pakadali pano ngongole isadumphe mwezi ngakhale mutakwiyitsana bwanji. Lembani pansi kuti akupereka ndani komanso zingati, ndipo malisiti ako onse usunge, akale ndi atsopano omwe. Udziwitsenso banki kuti munasiyana, kuti chilichonse chokhudza ngongoleyo nawenso uzilandira.

Akadzaimbanso foni za kusaina, usakangane nawo. Ungowauza kuti mukakumane kubanki, ndipo upite ndi loya wako.

Azakhali