Masiteshoni anayi pabwalo limodzi: mungatani kuti asagonthetsane?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Kalabu yawo ya wailesi za amateur (anthu olankhulana pa wailesi mongozikonda) ili ndi mamembala pafupifupi 30 ndipo ikufuna kukagona kubwalo maola 24 ndi masiteshoni anayi, monga zimakhalira pa Field Day, mpikisano wolumikizana ndi masiteshoni ena uli kunja ndi zida zonyamula. Chaka chatha anayesa awiri okha koma ankasokonezana: wina akayamba kulankhula, mnzake samamvanso kanthu. Akufunsa kuti ayambire pati.

Yambirani pa mapu a bwalolo ndi kagawidwe ka mabandi (magawo a ma frikwense, monga 40 m pa 7 MHz, 20 m pa 14 MHz ndi 15 m pa 21 MHz). Jenereta, matenti ndi chakudya zimakonzeka ngakhale mochedwa, koma ma eriyo akaimikidwa polakwika, palibe amene angawasunthe pakati pa usiku.

Dziwani kaye malamulo a mpikisano umene mukulowa. Field Day ya ARRL (bungwe la ma amateur la ku America), imene inayamba mu 1933, imachitika kumapeto kwa sabata lachinayi la June, ndipo zida zonse ndi ma eriyo ziyenera kukhala mkati mwa malo ozungulira a mamita 300 kuchoka mbali ina kufika ina. Ya IARU Region 1 (chigawo cha bungwe la ma amateur la dziko lonse mmene muli Africa ndi Ulaya) imagawidwa pawiri: CW (Morse code) kumayambiriro kwa June, SSB (ya mawu) kumayambiriro kwa September. Mabandi a 30, 17 ndi 12 m sagwiritsidwa ntchito pa mipikisano. Pezaninso chilolezo cholembedwa cha mwini malo.

Kugonthetsana kuli ndi magwero atatu. Loyamba ndi ma harmonic, masiginolo osafunika otuluka pa frikwense yanu kuchulukitsa kawiri, katatu ndi kupitirira. Wailesi imene ikutumiza pa 7.030 MHz imatulutsanso mphamvu pang'ono pa 14.060 ndi 21.090 MHz, ndipo kwa mnzanu amene ali mamita 40 okha kuchokera pa inu, kamphamvu kameneko n'kakakulu kuposa siteshoni yakutali imene akuisaka. Lachiwiri ndi kuthodwa kwa mbali yolandirira: siginolo yamphamvu ikalowa, ngakhale ili pa bandi ina, wailesi imagontha kapena imayamba kupanga phokoso lake. Lachitatu ndi phokoso lofalikira limene wailesi yotumiza imamwaza mbali zonse za frikwense yake.

Mankhwala ake ndi awa. Bandi imodzi, siteshoni imodzi. Kuika CW ndi SSB pa 20 m nthawi imodzi n'kotheka, koma sindikukulangizani chaka chino. Siteshoni iliyonse ikhale ndi fyuluta ya bandpass, yodutsitsa bandi yake yokha, pakati pa wailesi ndi eriyo, yopirira 100 W, ndipo ngati pali tuner (chogwirizanitsira eriyo ndi wailesi), fyuluta ikhale pakati pa wailesi ndi tuner-yo, poti SWR yokwera (mphamvu yambiri ikamabwerera kuchokera ku eriyo) imaiwotcha. Fyuluta imapsanso munthu akasintha bandi n'kuiwala kusintha fyuluta, choncho matani pepala lalikulu la bandiyo pa wailesi. Ngati ndalama zavuta, dulani mamita pafupifupi 7 a nthambo ya eriyo (coax) ya mtundu wa RG-213, mulumikize waya wapakati ndi shield kumapeto kwake, mbali inayo muilowetse ndi kolumikizira ka T pa siteshoni ya 40 m. Nthamboyi imapha ma harmonic a pa 14 ndi 28 MHz, koma 21 MHz imadutsa. Yesani ndi analyser (choyezera eriyo) musanapite.

Ma eriyo akhale a bandi imodzi imodzi, chifukwa eriyo ya mabandi ambiri imaulutsa bwinobwino ma harmonic omwe mukuwathawawo. Utali wa dipole (eriyo ya waya yolumikizidwa pakati) m'mamita ndi 143 kugawa ndi frikwense mu MHz: mamita 20.1 pa 7.1 MHz, ndi 10.1 pa 14.2 MHz. Dulani yotalikirapo pang'ono, muzichepetsa. Chofunika kwambiri n'kuyalika ma dipole mu mzere umodzi, nsonga kuloza nsonga, osati kuyang'anizana m'mbali, popeza dipole imatumiza ndi kulandira mofooka kunsonga kwake. Ya 40 m ndi ya 15 m zikhale kumalekezero awiri a bwalo, poti harmonic ya 40 m imagwera pa 15 m. Pomwe coax ikulumikizana ndi eriyo iliyonse ikani choke, choletsa siginolo kuyenda kunja kwa coax.

Pa magetsi, wailesi ya 100 W imakoka pafupifupi 20 A pa 13.8 V ikamatumiza, ndi 1 mpaka 2 A ikamamvetsera. Mukawerengera 6 Ah (ma amp-hour) pa ola kwa siteshoni yotanganidwa ya SSB, maola 24 akufuna pafupifupi 145 Ah, kupatula laputopu ndi nyali. Batire ya lead-acid muigwiritse theka lokha. Ya LiFePO4 imapereka pafupifupi zonse. Nthambo za batire zikhale zazifupi ndi zonenepa, ndi fyuzi pafupi ndi batire. Mphamvu ikatsika kufika cha m'ma 11.7 V, mawailesi ambiri amayamba kutulutsa mawu ophwanyika ndi siginolo yauve, imene imavutitsanso anzanu.

Jenereta ikhale mamita osachepera 6 kuchokera ku tenti iliyonse, kumene mphepo ikupita, chifukwa carbon monoxide sanunkha ndipo amapha anthu ali m'tulo. Muzithira petulo itazima ndi kuzizira, chozimitsira moto chili pambali. Ena mwa majenereta a inverter amadzaza mabandi ndi phokoso, ndiye iyeseni wailesi ili yoyaka.

Mlongoti uime kutali ndi nthambo za magetsi, kawiri kutalika kwake. Poudzutsa, munthu mmodzi yekha ndiye azilamula, ndipo zingwe zomangira mumangepo nsalu zowala kuti anthu asapunthwe usiku. Sankhani woyang'anira chitetezo amene sakhala pa wailesi. Bingu likamveka, iyeyo amaimitsa zonse: coax ichotsedwe, iponyedwe kunja kwa tenti, anthu alowe m'magalimoto kapena m'nyumba, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Zolemba za masiteshoni amene mwalumikizana nawo zikhale pa pulogalamu imodzi, monga N1MM Logger+, makompyuta onse ali pa nthawi ya dziko lonse ya UTC, mapepala ndi mapensulo zili pafupi. Anthu azisinthana maola 2 alionse, awiriawiri ndi mahedifoni, wodziwa ndi wophunzira, ndipo dzazani kaye mayina a usiku ndi a ophwasula zida pamapeto.

Kutatsala masabata awiri, imikani masiteshoni onse anayi. Imodzi itumize ndi mphamvu yonse, zitatu zimvetsere n'kulemba zimene S-meter (choyezera mphamvu ya siginolo) ikusonyeza, kenako musinthane mpaka zonse zitayesedwa. Pamene phokoso lakana kutha, tsitsani siteshoniyo ku 50 W: kutsika kumeneku (3 dB) n'theka chabe la sitepe imodzi ya pa S-meter (S-unit) kwa amene akukumvani.