Sitima ya Lachitatu si ya Lachisanu

Mayi wina wa ku Croydon, kum'mwera kwa mzinda wa London, amene amasamalira agogo kunyumba ya okalamba, wandilembera imelo. Akuti: "Chibwerere Covid-19, anzathu a m'maofesi ambiri akugwirira ntchito kunyumba. Nanga bwanji Lachitatu m'mawa sitima imadzaza mpaka kusowa poponda, pomwe Lachisanu mipando imangoti mbwee?"

Mayi, anthuwo sanasiye kupita kuofesi, anangosankha masiku. Mabwana ambiri amafuna antchito awo azionekera kawiri kapena katatu pa sabata, ndiye aliyense amasankha Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Ndani safuna kuti Loweruka lake liyambe Lachinayi madzulo? Kwa okonza za maulendo limeneli ndi vuto lalikulu, chifukwa sitima ndi madalaivala amawerengera tsiku lodzaza kwambiri, pomwe ndalama za matikiti zimafunika kulowa sabata yonse.

Pa ndalamapo ndi pomwe pagona nkhani. Boris Johnson, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, atalamula pa 23 Malichi 2020 kuti anthu akhale m'nyumba, okwera Tube, sitima ya pansi pa nthaka ya ku London, anachepa ndi pafupifupi 95 peresenti. Bungwe la Transport for London, lomwe limayendetsa mabasi ndi Tube mumzindawu, linkapeza pafupifupi 72 peresenti ya ndalama zoyendetsera ntchito kuchokera kwa okwera, choncho linagwa chagada. Mu Meyi boma linalipatsa mapaundi 1.6 biliyoni kuti mabasi ndi sitima zisaime, ndipo mu Juni ndalama yolowera ndi galimoto pakati pa London inakwera kuchoka pa mapaundi 11.50 kufika pa 15. Kanjanji ka Waterloo & City, komwe kamanyamula a masuti opita ku Bank, siteshoni ya m'dera la mabanki, kanatsekedwa kupitirira chaka chathunthu. Amene ankakwerabe basi masiku amenewo munali inuyo, manesi ndi okolopa m'zipatala, poti nkhalamba siisambitsidwa pa Zoom.

Apa ndiye pamandiwawa. Wa pa laputopu akakhala kunyumba amapulumutsa ya thiransipoti, koma dzenje lomwe wasiya m'thumba la bungwe limakwiriridwa ndi kukwera kwa mitengo kapena kuchepetsa mabasi, ndipo zonsezi zimagwera amene sangasankhe.

Akuluakulu ayesa kunyengerera anthu. Mu Juni 2021 ku England kunabwera tikiti ya sitima ya masiku 8 aliwonse mwa masiku 28. Mu 2024 meya wa London Sadiq Khan anachotsa mtengo wokwera wa m'mawa ndi madzulo Lachisanu lililonse kwa miyezi pafupifupi itatu, koma a m'maofesi sanatekeseke kwenikweni. Kuchotsera paundi imodzi kapena awiri sikungadzutse munthu amene akugwira ntchito ali m'masilipasi.

Ndiye ngati kuntchito kwanu amalola kusinthana mashifiti, mayi, pemphani Lolemba ndi Lachisanu. Lachitatu asiyireni a masuti azipanikizana okha.