Zimitsani torrent imeneyo asanakutsekereni akaunti

Achimwene, zimitsani kaye pulogalamu yotsitsira mafayilo pa torrent imeneyo. Osangodina ka X pakona ayi, itulutseni ndithu, chifukwa qBittorrent ndi uTorrent zimakabisala pansi paja pafupi ndi wotchi n'kumagwirabe ntchito inu mukuyesa mwatseka. Mukuti torrent yanu yakanirira pa 0% pa wifi ya pa yunivesite ndipo mukufuna njira yozembera. Thokozani kuti angokutsekerani njira yokha. Ine ananditsekera akaunti yonse, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umachita kuwawa.

Ambiri muno mukudziwa kuti ndimaphunzitsa pa CDSS ina cha ku Santhe kuno, ndipo digiri ndinkapanga ya ODL, ija timakakhala pa kampasi nthawi ya holide. Pasukulu pathu anthu akufuna kwabwino anatipatsa makompyuta angapo, koma intaneti kulibe, netiweki ya foni yomwe timachita kukaisaka pachulu kuseri kwa makalasi. Ndiye ndinamva za Kiwix, pulogalamu yaulere imene imakulolani kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Mumangotsitsa fayilo imodzi ya .zim n'kuika pa kompyuta, mwana wa Fomu 3 n'kumawerenga za photosynthesis ndi zithunzi zomwe. Mafayilo ake ndi aakulu, ena ma GB makumimakumi, ndipo eni ake a Kiwix amapereka okha link ya torrent pa webusaiti yawo. Torrent imaduladula fayilo m'tizidutswa, magetsi akathima kapena wifi ikaduka imadzayambira pomwe inalekera. Ndi wifi ya pa kampasi ija, imene inkaduka ukangoyetsemula, njira ina inali iti? Sindinabe cha munthu. Sindinatsitse filimu ngakhale imodzi.

Linali Lachisanu madzulo, ndili mu library. Assignment ya methodology imayenera kulowa pa Moodle, webusaiti ya sukulu yotumizirapo ntchito, isanakwane 12 koloko usiku, ndipo ndinali nditamaliza, ndangotsala kutumiza. Ndalemba reg number ndi password pa tsamba lija lolowera wifi, pangobwera zilembo zofiira kuti akaunti yaimitsidwa, kaonaneni ndi a ICT. Ndayesanso, zomwezo. Ndati palibe vuto, ndagula bundle pa foni, ndayatsa hotspot, Moodle yatseguka bwinobwino, koma kuti ndilowe ikukana. Kani akaunti ndi imodzi yomweyo, wifi, Moodle, imelo ya sukulu, zonse anamanga pamodzi. Thukuta linayamba kutuluka m'manja moti chala chimaterereka pa touchpad. Mtsikana amene anakhala pafupi nane anandibwereka laputopu yake kuti mwina vuto ndi yanga, koma ayi ndithu. Ndinathamanga ku ofesi ya ICT laputopu ili chitsegulire m'manja, chaja ikulendewera, ndapeza chitseko chokhoma, mkati mwa mdima, mukungophethira timagetsi tobiriwira ta mashini awo. A gadi akuti anthuwa anaweruka kalekale, mubwere Lolemba. Ndaimbira class rep, akuti alibe nambala ya aliyense wa kumeneko. Ndinakhala pa sitepe pansi pa getsi, udzudzu ukundidya, n'kutumiza assignment ija kwa lecturer kudzera pa Gmail yanga, ndi chithunzi cha zilembo zofiira zija, nthawi isanakwane. M'mawa anandiyankha mzere umodzi, akuti iwo amalandira za pa Moodle basi.

Lolemba ndiye kunali kunyozeka. Mnyamata wa mu ofesimo, msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa ndekha, akudya tchipisi pa desiki, osadzutsa n'komwe mutu. "Ndinu aja a mafilimu eti?" Pamzere panali ana a first year, onse anaseka. Ndinati achimwene, taonani kaye fayilo yake, ndi ya ana asukulu, ndinatembenuza laputopu kuti aone. Anaikankha ndi chala chamafuta. "Madala, torrent ndi torrent. Kalembeni kalata yopepesa kwa a Dean." Kupepesa chiyani? Bambo wa ana, mphunzitsi wa boma, ndikalembe kuti ndinkaba mafilimu pamene sindinabe? Ndinalemba kalata yofotokoza, anaibweza, akuti palibe mawu opepesa. Akaunti anadzaitsegula mlungu utatha, assignment anandipatsa ziro, kosi yonse inagwa, ndinalowa supp, mayeso obwereza aja. Ndalama ya supp, thiransipoti yochokera ku Kasungu kupita ndi kubwera, malo ogona, zonsezo mayi a kunyumba anachita kukatenga ngongole ku banki m'khonde, ndipo soya amene tinasungira fizi ya mwana tinamugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira. Mnyamata uja sakudziwa n'komwe zimenezi, ndipo sindikhulupirira kuti angasamale.

Chimandipsetsa mtima n'chakuti anthu ophunzira za makompyuta akudziwa bwino kuti BitTorrent payokha si mlandu. Ndi njira chabe yotumizirana mafayilo imene Bram Cohen anaitulutsa mu 2001, ndipo eni mapulogalamu aulere a Ubuntu ndi LibreOffice, komanso library ya pa intaneti ya Internet Archive, amagawa zinthu zawo mwalamulo kudzera momwemo. Mlandu umabwera ukatenga ntchito ya mwini wake popanda chilolezo, ndiye za Copyright Act ya 2016 ndi a COSOMA zimenezo. Mpeni womwewo wina amasendera mbatata wina amabayira mnzake, sungamange aliyense wopezeka ndi mpeni kukhitchini. Chifukwa chawo chotsekera ndikuchimva ndithu. Torrent simangotsitsa, imatumizanso tizidutswa tija kwa anthu ena kunja, seeding ija, ndipo laputopu imodzi imatha kulumikizana ndi makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi, anzako n'kulephera kutsegula ngakhale PDF. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, intaneti imachita kubwera pa fibre kudzera m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo ndi yodula, n'chifukwa chake mayunivesite anapanga bungwe la MAREN kuti azithandizana pa nkhani imeneyi. Chabwino. Koma bwanji osamata pepala pa chitseko cha library kuti torrent ndi yoletsedwa? Bwanji osatumiza chenjezo kaye? Bwanji osangodula wifi yokha n'kusiya Moodle? Ndipo kutseka munthu Lachisanu madzulo iwe n'kukwera minibasi kumapita kwanu, umunthu uli pati pamenepo?

Tsono awa akukuuzani m'mwambamu kuti sinthani port, kakhomo kamene torrent imadutsira, muchoke pa 6881, kapena yatsani encryption yobisa zimene mukutumiza, musawamvere. Kale zinkatheka pamene ankangotseka ma port 6881 mpaka 6889. Masiku ano firewall, pulogalamu yolondera netiweki, imayang'ana mtundu wa zimene zikudutsa, imatseka ma tracker (makompyuta olumikizitsa anthu a torrent), imaletsa UDP (njira ina imene torrent imadutsira), ndiye mungasinthe port mpaka tambala kulira palibe chisuntha. Choopsa n'chakuti ngakhale ili pa 0%, pulogalamuyo ikugogodabe kunja, ndipo kugogoda kulikonse kukulembedwa pa reg number yanu, poti munalowa nayo pa wifi. VPN imabisa chimene mukutsitsa, koma siibisa kuti munthu mmodzi wadya ma GB ochuluka usiku umodzi. Komanso kuzemba dala chotchinga cha netiweki ya eni ake ndi nkhani ina, pali Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo musanafike n'komwe kumeneko malamulo a sukulu okha akhoza kukufikitsani ku disciplinary. Ngakhale kunena zoona, mnzanga wina wa ku Nkhamenya ankatsitsa zake pa VPN usiku uliwonse mpaka anamaliza sukulu osagwidwa, pamene ine wa Wikipedia ndi amene ndinalira. Ngati mwalimba mtima kutsata iyeyo, musayese mlungu umene muli ndi assignment kapena mayeso.

Ine ndikuti pitani ku ICT komweko. Inde, anthu ake ndi omwe aja, koma musapite nokha ngati mmene ndinaimira ine pamzere paja. Tengani kalata ya supervisor kapena HOD yonena dzina la fayilo, kukula kwake ndi ntchito yake, muwapemphe akutsitsireni iwowo kapena akutsegulireni usiku. Akaona sitampa ya dipatimenti amasintha nkhope, ndipo mwina mupeza kuti Ubuntu ali nayo kale pa hard drive mu ofesimo.

Yang'ananinso pa webusaiti pamene munatenga torrent yanuyo, zinthu zambiri zaulere zimakhalanso ndi link wamba. Imeneyo ikani mu Free Download Manager, nayo imapitiriza ikaduka, kungoti muzimitse mbali yake ya torrent mu settings chifukwa ili nayo. A Linux mukudziwa kale wget -c. Zikakanika zonsezi, gulani bundle ya usiku ya TNM kapena Airtel, mupange pa hotspot yanu, kumeneko palibe wa ICT. Koma muike connection pa metered kuti Windows Update isakudyereni bundle, ndipo ikangofika 100% imitsani seeding. Ngati ndi ma series amene mukufuna, musaike digiri pachiswe, anyamata obena pamsika wa Kasungu ali nawo odzaza makompyuta.

Mafayilo a Kiwix aja ndinadzawapeza kwa mphunzitsi mnzanga, ali pa hard drive yanga pamodzi ndi Ubuntu ndi LibreOffice. Amene akuwafuna andipeze ku inbox, ndimafika pa boma kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa. Mubwere ndi flash yaikulu, ndipo muipange format kukhala exFAT kapena NTFS, chifukwa FAT32 imakana fayilo yopitirira 4GB.