Funsani Amakaniko: Mahedifoni a m'helemeti osapweteka makutu

FUNSO: Akonzi, ine ndimachita kabaza wa njinga yamoto, ndipo ndimanyamula anthu ndi katundu pakati pa Kasungu boma, Mtunthama ndi Chamama. Makasitomala ambiri amandiimbira foni ndili pamsewu, ndipo ndikachedwa kuyankha amaimbira mnzanga wina. Ndinagula timahedifoni topanda chingwe tolowetsa m'khutu, koma ndikamavala helemeti kamodzi kamagwa, kotsalako kamandibaya moti pofika masana khutu limakhala litatentha ndi ululu. Ndamva kuti kuli mahedifoni opangidwira helemeti. Kodi ndiyang'ane chiyani pogula, nanga ndingathe kusema pang'ono m'kati mwa helemeti kuti alowe bwino?
Wowerenga wathu, Chamama, Kasungu

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndilo likukhudza moyo wanu. Musaseme, musaboole ndiponso musasungunule ndi chitsulo chamoto chinthu choyera cholimba chimene chili pansi pa nsalu ya m'kati mwa helemeti. Chinthu chimenechi, chimene opanga amachitchula kuti EPS, ndicho chimaphwanyika ndi kumeza mphamvu ya kugunda munthu akagwa, pomwe chikamba chakunja chimateteza makamaka kuti mutu usabayidwe kapena kukhulika pa tala. Malo amene mukufuna kusemawo ali pafupi ndi pambali pa mutu, pomwe fupa la chigaza ndi lopyapyala, choncho kuchotsapo ngakhale kachidutswa n'kuchepetsa chitetezo pamalo ofunikira kwambiri. Ngati sipika sikukwana, chimene chiyenera kusinthidwa ndi sipikayo kapena helemeti yonse.

Ululu umene mukumvawo sukuchokera ku kuipa kwa timahedifoni tanu ayi, koma kuti sitinapangidwire ntchito imeneyi. Helemeti yabwino imagwira masaya ndi mbali za mutu mothina, ndipo kanthu kalikonse kolimba kotulukira kunja kwa khutu kamakankhidwira m'kati. Khutu lakunja lilibe mnofu wambiri woti n'kupirira kukanikizidwa kwa maola ambiri, ndipo mabampu a msewu wa ku Chamama amangowonjezera kugogoda pamalo amodzimodziwo. Vuto lina, limene kwa ife ndi lalikulu kuposa ululu, n'lakuti timahedifoni totseka khutu timakubisirani hutala ya lole ya fodya imene ikubwera kumbuyo kwanu.

Mahedifoni a m'helemeti amakhala ndi zigawo zitatu: masipika awiri ophwatalala omatidwa m'kati moyang'anizana ndi makutu, maikolofoni, ndi kabokosi kokhala ndi batire ndi mabatani kamene kamamangiriridwa kunja kwa helemeti n'kumalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Pa nkhani ya kusapweteka, chofunika koposa zonse ndi kuchindikala kwa masipika. Ambiri amakhala otambalala mamilimita 40, ena 45, ndipo kuchindikala kwawo kumayandikira sentimita imodzi, ngakhale alipo opyapyala kuposa pamenepo. Sipika yaikulu imamveka mokoma pa nyimbo, koma imafuna malo akuya, ndipo inu amene cholinga chanu ndi kumva kasitomala akunena pamene waima simufunikira mabesi, mawu akuya a nyimbo aja. Pakati pa sipika yomveka mokoma ndi sipika yopyapyala, ife tingakusankhireni yopyapyalayo.

Musanapite kusitolo, lowetsani dzanja m'helemeti mwanu ndi kupapasa pamalo pamene pamakhala makutu. Mahelemeti ambiri a masiku ano ali ndi kadzenje kozungulira pamenepo, nthawi zina kobisika ndi kasiponji kochotseka, kamene anakasiyira dala masipika. Ngati kadzenjeko kalipo, ntchito yanu yaphweka. Ngati palibe, ndipo chala chanu chikuvutika kulowa pakati pa khutu ndi helemeti mutaivala, dziwani kuti sipika iliyonse idzakupwetekani. Pogula, nyamulani helemeti yanu yomweyo, pemphani wogulitsa kuti muikemo masipika mongoyesa, ndipo muivale kwa mphindi 15 kapena 20 mukucheza naye, pakuti kukanikiza kumene kudzakulizeni masana sikumveka m'mphindi ziwiri zoyamba. Wogulitsa wokana kuti muyese musiyeni ndi katundu wake.

Anthu ambiri amene amadandaula kuti mahedifoni awo samveka amakhala kuti anangowamata pamalo olakwika. Pakati pa sipika payenera kuyang'anizana ndendende ndi bowo la khutu, ndipo ikangosuntha ndi sentimita imodzi mawu amachepa kwambiri, munthu n'kuyamba kukweza voliyumu mpaka pamapeto. Kawirikawiri malo oyenera amakhala chakutsogolo ndi chakumunsi kuposa pamene maso angaganizire, pafupi ndi pamene lamba wa pachibwano amatulukira. Njira yake n'kuvala helemeti, kulowetsa chala mpaka chikhudze bowo la khutu, kenaka kuivula chala chili chigwirire pamalopo ndi kuikapo chizindikiro ndi choko. Masipika amagwira ndi zomatira za Velcro, motero mukhoza kuwamatula ndi kuwasuntha mpaka mutakhutira. Sipika izingokhudza khutu mopepuka. Ikakhala kutali, m'bokosi mumakhala timasiponji towonjezera toika kumbuyo kwake, ndipo ikakanikiza muchotse timasiponjito. Zingwe zonse zidutse kuseri kwa nsalu ya m'kati, ndipo polumikizira pake polimba paja pasakhale pamene pakugunda mutu.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasautsa ngakhale amene anagula zodula, ndiko kupindika kwa khutu povala helemeti. Sipika imakola nsonga ya khutu n'kuipindira pansi, ndipo munthu amayenda nayo chipindire mpaka kukafika ku Mtunthama. Gwirani malamba awiri aja ndi kuwakokera kunja pamene mukulowetsa mutu, kenaka lowetsani chala mbali zonse ziwiri ndi kuwongola makutu musanamange lamba. Kachipewa ka nsalu yopyapyala kophimba makutu kamathandizanso, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala kamamwa thukuta limene likanawononga masiponji a masipika.

Zonsezi zikutengera kuti helemeti yanu ndi ya saizi yanu. Yesani mutu ndi tepi ya telala modutsa pamwamba pang'ono pa nsidze. M'mahelemeti ambiri saizi M ndi masentimita 57 mpaka 58, ndipo L ndi 59 mpaka 60. Musagule yaikulu mopitirira n'cholinga choti masipika apeze malo, chifukwa helemeti yogwedera imatha kuvuka pa ngozi. Yang'ananinso chizindikiro cha muyezo wa chitetezo, monga ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT. Tinenenso pano, poti timaziona tsiku ndi tsiku pa masiteji a kabaza, kuti chipewa cha omanga nyumba si helemeti ya njinga yamoto, ndipo chilibe n'pomwe poika sipika.

Maikolofoni imatengera mtundu wa helemeti. Ngati yanu ndi yotseka nkhope yonse, mukufunika kamaikolofoni kakang'ono ka chingwe komata m'kati kutsogolo kwa pakamwa. Ngati ndi yotsegula kumaso, kapena yonyamuka chibwano, mukufunika ya ndodo yopindika imene imafika pafupi ndi milomo. Mabokosi ena amabwera ndi zonse ziwiri, ena ndi imodzi yokha, choncho tsegulani muone musanalipire. Kasiponji kakuda kovala maikolofoni musakataye, pakuti ndiko kamaletsa kuti kasitomala azingomva mphepo m'malo mwa mawu anu.

Kabokosi ka mabatani kamakhala kumanzere, chifukwa dzanja lamanja liyenera kukhala pa mafuta ndi pa buleki yakutsogolo nthawi zonse. Sankhani ka mabatani aakulu otukuka amene mungawazindikire ndi chala mutavala magolovesi, osati timabatani tosalala tofuna kuti muime kaye ndi kuvula helemeti. Ambiri ali ndi njira yoti foni iziyankhika yokha ikalira kangapo, ndipo kwa munthu wa kabaza imeneyi ndi yofunika kuposa zokometsera zina zonse zolembedwa pabokosi.

Fumbi la mwezi wa Seputembala ndi mvula yoyambira Novembala mpaka Epulo ndizo zimapha zipangizozi kuno kwathu. Pabokosi muyang'ane malembo akuti IP otsatizana ndi manambala awiri: yoyamba imanena za fumbi, yachiwiri za madzi. IP67 ikutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo chipangizocho chingapirire kumizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, pomwe IP65 imapirira fumbi ndi madzi owazidwa, zimene n'zokwanira pa mvula. Mukaona X pamalo pa nambala yoyamba, monga IPX5, ndiye kuti za fumbi sanayese. Kachivindikiro ka labala ka potchajira kazikhala kotseka nthawi zonse. Batire ikhale yotha maola osachepera 10 mukulankhula, kuti ikufikitseni madzulo, ndipo potchajira pake pakhale pofanana ndi pa foni yanu, kaya USB-C kapena micro-USB, kuti chingwe chimodzi ndi pawabanki imodzi zikuthandizeni magetsi akazima. Musaisiye helemeti padzuwa pamwamba pa thanki mukudikira makasitomala, chifukwa kutentha kumafooketsa batire msanga.

Mayina otchuka pa zipangizozi ndi Sena ndi Cardo, ndipo alipo otsikirapo mtengo monga FreedConn, EJEAS ndi Lexin. Gawo lalikulu la mtengo wa zodulazo limapita ku luso loti gulu la oyendetsa njinga lizilankhulana pamsewu popanda foni. Inu mumayenda nokha ndipo mukufuna kuyankha foni basi, choncho ndalama zimenezo zisungeni, kapena muziwonjezere pa helemeti yabwinoko. Mtunda wa kilomita imodzi kapena kuposerapo umene amalemba pabokosi umanena za kulankhulana kwa njinga ndi njinga pamalo a see, osati za foni yanu, imene iyenera kukhala pafupi, m'thumba la jekete.

Pa za voliyumu, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80 (muyezo wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Injini ndi mphepo zimakhala zitadya kale gawo la muyezo umenewu musanayatse n'komwe mahedifoni. Mukamamva kulira m'makutu usiku mutaweruka, ndiye kuti mwapyola. Ikani voliyumu pamene mungathe kumva hutala ndi mawu a amene mwamunyamula, ndipo nkhani zazitali, monga kukambirana mtengo kapena kuwerengerana nambala ya Mpamba, muzichitira pambali pa msewu mutaima, chifukwa manja akhoza kukhala pa chiwongolero koma maganizo ali kwina.

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi ndipo ndimayendera alimi pa njinga yamoto m'midzi yozungulira Santhe. Ndili ndi mafoni awiri, ina ya Airtel ndi kena kakang'ono ka mabatani ka TNM. Kodi hedifoni imodzi ingagwire onse awiri? Ndimavalanso magalasi a maso.
Mayi wowerenga, Santhe, Kasungu

YANKHO: Mayi, zimenezi n'zotheka ngati chipangizocho chili ndi luso lolumikiza mafoni awiri nthawi imodzi, limene pabokosi amalilemba kuti multipoint. Si zonse zili nalo, makamaka zotchipa kwambiri. Kafoni ka mabataniko kayenera kukhala ndi Bluetooth yake, ndipo popeza timafoni tina timalumikiza koma osatumiza mawu bwino, pitani ndi mafoni onse awiri kusitolo, muwalumikize pomwepo, ndipo mupemphe munthu akuimbireni pa nambala iliyonse mutavala helemeti.

Za magalasi, miyendo yake imadutsa pamwamba pa khutu, pafupi ndi m'mphepete mwa sipika, ndipo zikapanikizana mutu umayamba kuwawa. Tsitsani masipika pang'ono kuti mwendo wa magalasi udutse pamwamba pake momasuka, valani helemeti poyamba kenaka magalasi, ndipo ngati mudzasinthe fulemu musankhe ya miyendo yopyapyala ndi yowongoka. Ngati mumamanga tsitsi, yeserani helemeti ndi masipika tsitsi lili m'mamangidwe amene mumayenda nawo masiku a ntchito, chifukwa malo a makutu amachepa tsitsi likakhala longoluka kumene.